Mkamwini wa Fulati ya Pamwamba

Nyumba imene Yotam Mbewe anagula ku Mount Pleasant, mu mzinda wa Washington, mu 1973 inali ya njerwa zofiira, yaitali, yopanikizika pakati pa zinzake, ndipo inali ndi mafulati asanu. Anayi anali aakulu bwino. Yachisanu inali kachipinda ndi kakhitchini kunsi kwa denga, kumene munthu wamtali ankayenda chowerama akayandikira zenera.

Patangopita zaka zochepa, mzinda wa Washington unakhazikitsa lamulo loletsa eni nyumba kukweza lendi mmene afunira. Poyamba Yotam sanadane nalo. Iyenso anakhalapo mwana wasukulu wochokera ku Katete, wa jekete limodzi, ndipo ankadziwa mmene mtima umagundira alandilodi akagogoda. Koma mtengo wa mafuta otenthetsera nyumba unakwera, n'kukweranso, lendi ikukwawa m'mbuyo ngati nkhono. Anayamba ndi kuleka kupenta makonde. Kenako analeka kusintha mazenera owola. Pofika kumapeto kwa 1982 denga linali litatheratu, ndipo boyila yotenthetsera nyumba, ya m'chipinda chapansi, inkatsokomola m'mawa uliwonse isanavomere kugwira ntchito.

Loya wake anamuonetsa njira imodzi yokha. Anati lamulolo silikhudza munthu amene ali ndi mafulati anayi kapena ocheperapo. Kafulati ka pamwamba katakhala kopanda munthu, Yotam akanachotsamo khitchini n'kukasandutsa mosungira katundu. Akanatero lendi ya enawo ikanakwera, ndipo banki ikanavomera kumuthandiza pa denga. Apo ayi, nyumbayo inayenera kugulitsidwa isanamugwere. Koma kutulutsa munthu amene akulipira bwinobwino lamulo silinkalola. Munthuyo anayenera kuchoka yekha.

Munthuyo anali a Kalekeni, ndipo a Kalekeni anali alamu ake.

Chilamu chake chinayamba motere. Woyamba kuchita lendi m'kafulatiko anali Callista, mtsikana wa ku Mchinji amene ankataipa makalata mu ofesi ina m'tauni. Tsiku limene anabwera kudzakaona, anafunsa Yotam mfunda wake, ndipo atamva anawomba m'manja. "Ine ndine Nambewe. Ndiye kuti ndinu achimwene. Lendi musandidulitse." Pamene ankakwatiwa ndi a Kalekeni, mwamuna wofatsa wa ku Ntcheu wogwira ntchito ku laibulale ya yunivesite, panalibe wachibale woti awoloke nyanja. Yotam ndiye anavala suti n'kuimirira ngati nkhoswe ya kuchikazi. Mkwati anasamukira m'kafulati ka mkazi wake ndi sutikesi ndi mabuku. Anthu a kutchalitchi ankawaseka kuti ali pa chikamwini cha m'mwamba, koma eniake sanaone choseketsa. Ankachotsa chipale chofewa pa masitepe a kunja, ankatulutsa mabini, ankakwera padenga ndi chidebe cha phula ngakhale kuti ntchitoyo sankaidziwa. Yotam atayesa kuwalipira anakana. "Mkamwini salipidwa polima munda wa apongozi," anatero.

Callista anamwalira mu 1981, masamba akuyamba kufiira, ndipo anaikidwa ku Maryland. Mng'ono wa a Kalekeni, Ferdinand, anawakonzera chipinda kunyumba kwake ku Manassas. Iwo anati apitadi, poti masitepe anali atayamba kuwapweteka m'maondo, koma sakanachoka pakhomo pa mkazi wawo asanasudzulidwe. Mlongo weniweni wa Callista, atamupeza movutikira pa foni ya ku mishoni, anayankha mwachidule kuti amene anamukwatitsa ndi amene amalize.

Choncho chopulumutsa nyumbayo chinali m'kamwa mwa Yotam. Ndipo chaka chinatha asanatsegule pakamwapo.

Loweruka lililonse ankachoka ku Hyattsville, kumene ankakhala ndi mkazi wake Mutinta, n'kukayendera nyumbayo. Ankaimika galimoto tsidya lina la msewu n'kukhala kaye m'katimo akuiyang'ana. Kukachita nkhungu inkaoneka ngati ikuyandama, ngati njerwa za pansi zinasungunuka kalekale popanda wozindikira. Nthawi zina ankailota ali maso. Ankaona denga latsopano, makonde oyera, ana ake atakula akukangana za amene atenge fulati ya kutsogolo. Ankakhala choncho mpaka galasi la galimoto lichite thukuta, nyumbayo n'kuzimiririka.

Loweruka lina la mu Novembala, Mayi Wilkins anamudikirira pa masitepe. Mayiwa anali atapuma ntchito ku positi ofesi, ndipo anakhala m'nyumbamo Yotam asanaigule, mu fulati ya kunsi kwa a Kalekeni.

"Bambo Mbewe, bwerani mudzaone ng'ombe yanga," anatero m'Chingerezi.

Pabalaza pawo, penti ya kudenga inali itatupa ndi madzi n'kulendewera ngati bere.

"Ndikame ine, kapena mukama nokha?"

"Pepani, mayi. Ndikuyesetsa."

"Sindikukutsutsani. Alandilodi akale anali mbava, inu ndinu munthu wabwino wosauka. Koma kunyowa kwake n'kumodzimodzi. Ine ndikulipira imene boma linanena. Inu letsani mvula."

Yotam anakwera pampando, anaboola bere lija ndi msomali, madzi ofiirira n'kuchucha mu ndowa. Kenako anakwera masitepe otsiriza.

"Odi kuno."

"Lowani, alamu. Samalani poto wa pakhomoyo."

M'chipindamo munali mapoto, beseni ndi makapu, chilichonse pansi pa dontho lake. Kunja mvula inali italeka dzulo lake, koma muno inali ikugwabe, mochedwa, ngati nkhani yochokera kumudzi. Makina osokera a Callista anali pakona atafundidwa chitenje. Chikhothi chake chobiriwira chinali chikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, mapewa ake atatsika pang'ono.

A Kalekeni anathira tiyi. Anakhala onse awiri akumvetsera madontho.

"Poto wa pazenera ndiye amayambitsa," anatero a Kalekeni. "Beseni limayankha. Makapuwa amangotsatira. Mlongo wanu akanati tagona m'kwaya."

"Phula lija silinagwire?"

"Linagwira nsapato zanga."

Anaseka pang'ono. Kuwala kwa dzuwa kunalowa pazenera n'kugwera m'beseni, ndipo kudenga kunayamba kuvina mizere ya madzi. Yotam anaiyang'ana mpaka anaiwala chimene anabwerera.

"Alamu," anatero a Kalekeni, "Ferdinand anaimbanso foni. Akuti m'chipinda muja ana ayamba kusungamo njinga."

"Tikonza, alamu. Kungoti kuntchito kwachuluka."

"Ayi, sindikukukakamizani. Mkamwini safulumizitsa eni mudzi."

Yotam anatsika masitepe akudziwa kuti kuntchito sikunachuluke. Ankati akaganiza zoimirira pamaso pa anthu n'kunena mawu omasula mwamuna wa Callista, ankamva mawu a loya ali kuseri kwa mawu akewo. Mwambowo unali chinthu chotsiriza chimene akanachitira mlongo wake. Sanafune kuti chinunkhe mafuta a boyila.

Mutinta anali namwino, Mtonga wokulira ku Lusaka, ndipo zinthu zozungulira sankazikonda. Lamlungu m'mawa, akusita yunifolomu yake kukhitchini, anayamba nkhaniyo osatembenuka.

"Ba Mbewe, munthu afuna kuyenda. Imwe mufuna ayende. Manje vuto ni chani?"

"Vuto ndi lomwelo, lakuti ndikufuna."

"Iyee! Mukafuna chinthu ndiye chikhala choipa? Ine munanifuna. Ninakhala woipa?"

"Anthu adzati Mbewe anasudzula mlamu wake kuti akweze lendi."

"Anthu akamba kudala, si lero. Akamba ati Mbewe wamangirira munthu padenga monga mbuzi." Anaimika simbi. "Mwamuona mwamene waondera? Agona pakati pa mapoto. Imwe mufuna manja anu akhale oyera, mnzanu ndiye anyowe."

"Si choncho."

"Ni choncho. Muli na madigiri awiri, koma mukangiwa kukamba mawu amene amalume anu osaphunzira akamba atakhuta kachasu. Nipatseni hang'ala iyo."

Anamupatsa. Nkhaniyo inagonanso.

Yotam ankagwira ntchito ku Foggy Bottom, mu ofesi yoona za chuma cha mayiko, pansanjika imene munthu ankatha kuonerapo mtsinje wa Potomac. Masana ena a mu Disembala anali ataima pazenera akuonerera nkhungu ikukwera kuchokera pamadzi. Inameza mlatho, inameza mitengo ya tsidya, ndipo magalimoto ankalowamo mmodzimmodzi osatulukanso. Anaganiza kuti mwina zinthu zimathanso chonchi, mopanda phokoso, munthu n'kungopeza kuti chimene ankachidera nkhawa palibe. Foni inalira. Anali Mayi Wilkins.

"Ng'ombe ija yagwa, Bambo Mbewe. Yonse, ndi khola lomwe. Ine ndinali kumsika, Mulungu alemekezeke, koma mpando wanga wafa. Ndaitana woyendera nyumba wa mzinda. Musakwiye. Ndikufuna kufera pabedi, osati pansi pa pulasitala."

Madzulo omwewo, atatha kusesa zidutswa za pulasitala, Yotam anakwera pamwamba fumbi lili mbuu m'mutu.

"Alamu, Lamlungu likubwerali likadutsa, linalo, tidzakusudzulani. Tikaweruka kutchalitchi."

A Kalekeni anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

"Zikomo," anatero. Kenako anawonjeza: "Kwawo kwa Callista wosudzulidwa amapatsidwa nkhuku. Yamoyo."

"Ya mu shopu singathe?"

"Yopanda mutu ija? Ingaperekeze munthu bwanji, yosaona njira?"

Ferdinand ankadziwa mlimi wina kupitirira Manassas. Yotam anapitako Loweruka m'mawa, ndipo mlimiyo, mzungu wa ovolosi, anamufunsa ngati akufuna yoikira mazira kapena yodya. Yotam anati sakudziwa, akufuna yooneka yaulemu. Mlimiyo anamuyang'ana, kenako anamugwirira thadzi lofiirira.

Pobwerera anaiika m'katoni pampando wakutsogolo. Minda inali yotuwa mbali zonse, yometedwa, ndipo kumwamba kunali kotsika. Nkhukuyo inatulutsa mutu pabowo n'kumayang'ana msewu ndi diso limodzi. M'galimotomo munayamba kumveka fungo la khola, ndipo fungolo linamutenga. Anaona ngati akuchokera ku Katete kulowera ku Chipata, ndipo kuti akangodutsa chitunda chili patsogolocho aona amayi ogulitsa masuku m'mbali mwa msewu. Anadutsa chitundacho n'kupeza malo omwetsera mafuta. Anadutsa china. Pa mlatho wolowera mu Washington nkhuku inalira kamodzi, mofunsa, iye n'kuiyankha m'Chinyanja kuti atsala pang'ono kufika.

Lamlungu lija m'kafulatimo munadzaza. Mapoto anawasunthira m'mbali, popeza kunja kunali kouma. Ferdinand anakhala pafupi ndi mkulu wake ngati wa kuchimuna. Kunabwera mabanja ochepa a kutchalitchi, Amalawi ndi a ku Zambia, amuna pamipando, akazi pansi atatambasula miyendo. Mutinta anabweretsa thobwa limene anafulula ndi ufa wa mu shopu, akudandaula kuti chimera cha kuno n'chaulesi. Mayi Wilkins, amene sanaitanidwe, anakwera ndi keke n'kukhala pakhomo chipewa chili kumutu.

Yotam anaimirira, mutu wake utatsala pang'ono kugunda denga. Mawu anali atawakonza m'galimoto, koma atatsegula pakamwa anabwera ena.

"A Kalekeni, munabwera pakhomo pathu kudzafunsira mbeta, ife tinakupatsani. Mlongo wathu munamusunga. Atadwala munamudwazika, osatopa. Atatisiya munamuika ndi manja anu."

Akulankhula choncho anakumbukira chinthu chimene sichinachitikepo. Anaona Callista ali kamtsikana, atavala diresi ya sukulu, akumugwira dzanja powoloka dambo nthawi ya dzinja, madzi akuwafika m'maondo. Anamva kuzizira kwa madziwo ndi udzu ukumukanda m'miyendo. Ankadziwa kuti anakumana naye koyamba ali wamkulu, pa masitepe a nyumba yomweyi, koma dambolo silinachoke. Za denga, za loya, za banki, panthawiyo m'mutu mwake munalibe.

"Ife a kwa Mbewe tilibe nanu chifukwa. Lero takusudzulani. Kumene mtima wanu ufuna, pitani. Mukapeza wokuphikirani, kwatirani, ndipo tidzabwera kudzavina. Nkhuku iyi ikuperekezeni."

Anagwada n'kuipereka ndi manja awiri. A Kalekeni anailandira n'kuikhazika pamiyendo. Amuna anawomba m'manja mwakachetechete, mayi wina anayamba nthungululu koma anailekeza pakati atakumbukira anansi.

"Ndalandira," anatero a Kalekeni. "Ndinakhala bwino pamudzi pano."

Akazi anatsegula kabati n'kuyamba kugawana zovala za Callista. Chikhothi chobiriwira chinapita kwa mtsikana wina wasukulu amene anali atangofika kumene wopanda chofunda. Mayi Wilkins anapatsidwa chitenje cha pamakina osokera, ndipo anafunsa Mutinta monong'ona ngati nkhukuyo iphedwa pompano, chifukwa ngati ndi choncho iwo atsika.

Potuluka, Ferdinand anauza Yotam kuti abwera ndi lole Khirisimasi ikadutsa. Yotam anagona bwino sabata imeneyo. Anaimbira wokhoma madenga kuti adzayeze, ndipo anauza loya kuti ayambe kukonzekera.

Khirisimasi inadutsa. Mu Januwale Ferdinand anaimba foni kuti lole anabwera nayo, koma inabwerera yopanda kanthu, ndipo akuluwo angoti adikire kaye. Yotam anaganiza kuti ndi mabuku, kuti munthu wa mabuku salongedza msanga. Sanafunse.

Mu Febuluwale kunagwa chipale chambiri, mzinda wonse n'kuima. Misewu itatseguka anapita ku Mount Pleasant, ndipo anapeza chimene sanachionepo: masitepe a kunja ali osakhudzidwa, oyera, ndi kanjira kopondedwa ndi mapazi pakati. Mabini anali odzaza. Anakwera mpaka pamwamba n'kupeza chitseko chili chotsegula, m'chipinda mulibe munthu. Makatoni olongedzera anali atapindidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko panali chikhothi cha a Kalekeni eniake, ndipo pazenera panali makatani atsopano, achikasu. Kachitseko kopita padenga kanali pululu.

Anawapeza kumeneko atavala juzi ndi chipewa chaubweya, atakhala pa chidebe cha phula chovundikira. Pafupi ndi chumuni, pamene pankatuluka kamphepo kofunda, anali atamanga kakhola ka matabwa a mabokosi. Thadzi lija linkajompha mpunga m'mbale ya tiyi.

Kuchokera pamenepo mzinda unkaoneka wonse, woyera, wopanda phokoso, madenga atalumikizana ngati munda umodzi waukulu wosalimidwa. Utsi unkakwera mowongoka kuchokera m'machumuni. Patali nsanja za tchalitchi chachikulu zinkaoneka ngati zaikidwa pamtambo.

"Mwawoneka, a Mbewe," anatero a Kalekeni. Sanati alamu.

"Nkhuku simunadye?"

"Yayamba kuikira. Munthu sungadye wantchito."

Yotam anachotsa chipale pa kakhoma n'kukhala.

"Ndinapitako ku Manassas," anatero a Kalekeni. "Ndinakagonako. Chipinda chabwino, chouma, njinga anachotsamo. M'mawa ndinadzuka osadziwa kuti ndili kuti, ndipo nditadziwa sizinathandize." Anaponyera nkhuku mpunga wina. "Chaka chonse chija ndinkayesa kuti chondimanga pano ndi mwambo. Mutandimasula ndinakhala pabedi kudikira kuti miyendo inyamuke. Sinanyamuke. Ndinayang'ana chipindacho, zovala za mkazi wanga zitapita, makina atavundukulidwa, ndipo ndinaona kuti n'kanyumba kabwino. Zaka zonsezi ndinali ndisanakhalemo ngati mwanga."

"Ndiye mwaganiza bwanji?"

"Ndikhala."

Yotam anayang'ana utsi wa nyumba yoyandikana nayo. Unkakwera, n'kupindika pang'ono, n'kusowa.

"Mukudziwa chimene ndinkayembekeza?"

"Ndikudziwa. Loya wanu ali ndi mawu aakulu, ndipo masitepe a nyumba ino amanyamula mawu."

"Simunanene kanthu."

"Ndinali mkamwini. Komanso ndinkakhulupiriradi kuti ndichoka, ndipo ndinkakondwa kuti kuchoka kwangako kukuthandizani. Sindinakunamizeni, a Mbewe. Ndinadzinamiza ndekha, inu munangokhala pafupi."

"Lamulo lili mbali yanu."

"Ndinaliwerenga. Paja ndimagwira ntchito ku laibulale."

"Nanga masitepe aja?"

"Fosholo ndaiika pakhomo la boyila. Ndine wa lendi tsopano. Munandisudzula nokha, anthu akuona."

Yotam anaseka osafuna, ndipo mpweya wa kusekako unatuluka woyera n'kuima kanthawi pakati pawo. A Kalekeni anamwetulira, kenako nkhope yawo inabwerera mwakale.

"Koma mukandiuza kuti ndichoke, ndichoka," anatero. "Osati chifukwa cha lamulo kapena mwambo. Mungonena. Munandichitira zambiri."

Ankanena zoona, ndipo Yotam anadziwa. Panafunika mawu ochepa, ocheperapo kuposa amene ananena Lamlungu lija. Akanangoti chonde. Lole ikanabweranso, khitchini ikanachotsedwa, wokhoma madenga akanakwera ndi anyamata ake chipale chikasungunuka. Anaona denga latsopanolo bwinobwino, lakuda, lonyezimira, pansi pa mapazi ake pomwepo. Analiyang'ana kwa nthawi ndithu. Koma anali atagwada pamaso pa anthu n'kunena kuti kumene mtima wanu ufuna, ndipo ponena mawuwo sankanama. Mwa zonse zokhudza nyumbayi, chimenecho chokha ndicho chinatuluka bwino.

"Mazira amakhala aakulu?" anafunsa.

"Apakati. Mutengeko awiri a mayi."

Anatsika ndi mazira awiri m'thumba la chikhothi, dzanja lili pomwepo kuti asasweke. Pa fulati ya Mayi Wilkins wailesi inkaimba nyimbo za tchalitchi. Pansi boyila inkalira mwa nthawi zonse. Anatuluka, anayenda mosamala pa kanjira ka mapazi kaja, n'kukafika pa foni ya pakona. Anaimbira kaye munthu wina wogulitsa nyumba amene anakhala akumunyengerera kwa nthawi yaitali. Munthuyo anasangalala kwambiri, ndipo anamukumbutsa kuti lamulo limafuna kuti a lendi auzidwe poyamba, mwina angafune kuigula okha. Yotam anati awauza yekha, ndi pakamwa.

Kenako anaimbira kunyumba.

"Sachoka," anatero. "Nyumba ndaigulitsa. Kapena kuti ndayamba."

Yotam ankamva madzi akuthira mu sinki, kenako Mutinta anatseka mpopi.

"Munamupempha?"

"Ayi."

"Mm. Muli kuti manje?"

"Pakona. Pa foni."

"Mwavala magolovesi?"

"Ndinaiwala m'galimoto."

"Basi bwerani, ba Mbewe. Muyende pang'onopang'ono, msewu uterera. Mugule na buledi."